Masiku a Chitomero: Kukonzekera Ukwati ndi Kuphunzira Banja

Phunziro lathu la lero likukhudza anthu awiri amene agwirizana zokwatirana ndipo ali kalikiliki kukonzekera ukwati wawo. Ena mwa ife tili pa chitomero panopa. Ena tapemphedwa kukhala ankhoswe a ana a alongo athu. Enanso tinalowa m'banja kalekale, ndipo achinyamata amabwera kwa ife kudzafunsa nzeru. Tonse tikudziwa mmene miyezi imeneyi imakhalira kuno ku Mangochi. Foni siikhala chete, komiti imakumana Loweruka lililonse, telala akufuna ndalama ya nsalu, ndipo wachibale aliyense ali ndi maganizo ake. M'phokoso lonseli n'kosavuta kuiwala kuti awiriwa ayamba kale kuphunzira banja. Mmene akukambirana lero za mtengo wa mpunga ndi mmenenso adzakambirane za fizi ya ana zaka zikubwerazi.

Tiwerenge gawo lililonse mokweza, mosinthanasinthana, kenako tiyankhe mafunso pamodzi.

Gawo 1: Zimene chimafunika kuti ukwati umangidwe

Malamulo a ukwati Bahá'u'lláh anawaika m'buku la Kitáb-i-Aqdas, limene linalembedwa cha mu 1873, Iye ali mkaidi mumzinda wa 'Akká. Tikawawerenga timaona kuti zofunika n'zochepa. Choyamba, mwamuna ndi mkazi asankhane okha, popanda wowakakamiza. Chachiwiri, makolo owabereka amene ali moyo, a mbali zonse ziwiri, avomereze. Chachitatu, pa tsikulo mkwati ndi mkwatibwi aliyense anene vesi limodzi lalifupi, lolonjeza kutsata chifuniro cha Mulungu, pamaso pa mboni ziwiri zimene Bungwe Lauzimu la m'dera lazivomereza. Mbonizo zikhoza kukhala Abahá'í kapena ayi, bola zikhale anthu odalirika. Ife tilibe atsogoleri odzozedwa omangitsa ukwati.

Holo, keke, suti, magalimoto ndi zokuzira mawu sizoletsedwa, koma palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chili m'lamulo. Ukwati womangidwa pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa makolo ku Namiasi ndi wokwanira mofanana ndi womangidwa pa hotela ya m'mbali mwa nyanja ku Nkopola.

Timamveranso malamulo a boma. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana. Bahá'u'lláh naye analetsa kutomera mtsikana amene sanakhwime. Za kalembera wa ukwati, awiriwa afunse msanga ku Bungwe Lauzimu ndi ku ofesi ya DC ku Boma, asadikire sabata yomaliza.

Pali lamulo linanso loti makolo akavomereza, chitomero chisapitirire masiku 95. Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse sinalamulebe kuti ligwire ntchito pa okhulupirira a m'mayiko onse, choncho panopa silikutimanga. Komabe nzeru yake tikuiona. Chitomero chikatalika zaka ziwiri kapena zitatu chifukwa chodikira ndalama ya phwando lalikulu, mayesero amachuluka, miseche imamera, ndipo mitengo ya zinthu imakhala ikukwera.

Mafunso: Tchulani zinthu zitatu zofunika pa ukwati wa Chibahá'í. Pa maukwati amene mwapitako chaka chino, n'chiyani chinadya ndalama zambiri? Kodi chinali m'gulu la zitatuzi?

Gawo 2: Makolo ndi ankhoswe

Kwathu kuno, pakati pa Ayao ndi Anyanja, mtundu umatsata kuchikazi, ndipo malume ndiye mwinimbumba. Mnyamata akapeza mbeta amauza amalume ake, iwo n'kukaonana ndi amalume a mtsikana. Pa chinkhoswe mabanja awiri amadziwana poyera, amasinthana nkhuku, ndipo awiriwa amapatsidwa zipangizo monga khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko, zowakumbutsa ntchito za pakhomo. Mwambo umenewu ndi wabwino. Umaphunzitsa kuti ukwati umalumikiza mabanja, ndipo ankhoswe amakhala pothawira zinthu zikavuta.

Lamulo la Chibahá'í likuwonjezerapo chinthu chimene nthawi zina chimatidutsa: mawu a bambo ndi mayi obereka. Tiyerekeze kuti bambo a mtsikana anasiyana ndi mayi ake iye ali wakhanda, ndipo tsopano ali ndi banja lina ku Namwera, kapena anapita ku Joni zaka zambiri zapitazo. Amalume akhoza kunena kuti, "Mwanayu ndalera ndine. Bambo akewo akudziwapo chiyani?" Mawu amenewa ali ndi ululu weniweni, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Mtsikana angayankhe mofatsa kuti, "Amalume, malo anu palibe angawalande, ndipo inu ndi amene mutsogolere zonse. Ndikungopempha kuti nawonso tiwauze, mawu awo amveke."

Shoghi Effendi anafotokoza kuti cholinga cha lamuloli ndi kulimbitsa ubale wa m'banja ndi kudzala mwa ana ulemu kwa amene anawabereka. Limagwira ntchito ngakhale makolowo atakhala a chipembedzo china, ngakhale anasudzulana, ndiponso ngakhale okwatiranawo atakhala achikulire. Bungwe Lauzimu liyenera kukhutira kuti chilolezo chaperekedwadi, ndipo kawirikawiri limapempha kalata. Ngati kholo silikudziwika kumene lili, kapena pali nkhani yaikulu monga nkhanza zimene linachitira mwanayo, nkhaniyo ipite ku Bungwe koyambirira kuti lipereke chitsogozo.

N'chifukwa chake chilolezo chikhale ntchito yoyamba, tsiku lisanalengezedwe komanso ndalama ya holo isanaperekedwe. Kholo likakana, ukwati sungachitike mpaka litasintha maganizo, ndipo njira ndi kudekha, kupemphera ndi kulankhulana mwaulemu. Ife makolo tidzifunsenso: kodi tikukana chifukwa cha khalidwe la munthuyo, kapena chifukwa ndi wa mtundu wina, kapena ndi wosauka? Tsankho lotere ziphunzitso zathu zimalikana.

Nkhani ina yofunika kuikamba panopa ndi ya kokakhala. Kodi mwamuna akakhala chikamwini, kapena mkazi apita chitengwa, kapena achita lendi ku Boma kapena ku Monkey Bay? Ambiri amaopa kuiyamba poopa kukhumudwitsa makolo, koma imadzaphulika ukwati utangotha.

Mafunso: Tingalemekeze bwanji udindo wa malume, uku tikutsata lamulo la chilolezo cha makolo? Mukanakhala nkhoswe pa chitsanzo chili pamwambachi, mukanayambira pati?

Gawo 3: Ndalama ndi kukambirana

Ambiri mwa ife ndalama zathu zimayenda ndi nyengo. Msodzi wa usipa amadziwa kuti mwezi ukawala nsomba sizibwera ku nyali. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, bwato likhoza kukhala pagombe masiku angapo. Kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane. Usipa ukasowa, wogulitsa pamsika, wakabaza ndi watiyi onse amamva kuwawa. Pamwamba pa izi, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali pa chitomero nthawi imeneyo anaona bajeti yawo ikusungunuka m'manja.

Msampha wodziwika ndi wowerengera ndalama ya perekaniperekani isanabwere. Awiriwa amakongola ku banki mkhonde, ena mpaka kwa akatapila, poganiza kuti adzabweza ndi zimene anthu adzaponye m'lichero. Tsikulo likafika, obwera kudzadya amachuluka kuposa oponya. Mwezi woyamba wa banja umayamba ndi wangongole pakhomo. Ena amagulitsa ukonde, njinga kapena makina osokera, zimene zikanawadyetsa zaka zambiri, kuti alipire chisangalalo cha maola ochepa. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Bahá'u'lláh anatipatsa kukambirana ngati njira yopezera choonadi pamodzi, ndipo chitomero ndi nthawi yabwino yoyeserera. Poyamba awiriwa apemphere. Aliyense anene maganizo ake momasuka komanso mwaulemu. Ganizo likangonenedwa lisakhalenso la amene walinena, likhale la onse awiri, kuti likakanidwa pasakhale wopsa mtima. Akagwirizana, onse agwire chimene agwirizanacho, ndipo chikapanda kuyenda bwino pasakhale wonena kuti, "Pajatu ndinakuuzani."

Pa Bungwe, anthu akasiyana maganizo amavota. Anthu awiri sangavote. Nyumba ya Chilungamo inalangiza kuti m'banja nthawi zina mwamuna agonjere mkazi, nthawi zina mkazi agonjere mwamuna, ndipo wina asapondereze mnzake. 'Abdu'l-Bahá anayerekeza amuna ndi akazi ndi mapiko awiri a mbalame imodzi, imene singauluke phiko limodzi likakhala lofooka. Choncho mnyamata asanene kuti popeza ndalama zambiri watulutsa ndi iye, mawu omaliza ndi ake. Mtsikana nayenso asangoti zii pamene sakugwirizana nazo, kenako n'kukadandaula kwa anzake.

Njira yothandiza ndi kukhala ndi kope limodzi la awiri. Tsamba loyamba alembepo ndalama zimene zilipodi, kuphatikizapo za mu Airtel Money kapena Mpamba, ndi ngongole zonse zimene aliyense ali nazo. Tsamba lachiwiri aligawe patatu: zofunikadi, zabwino ngati ndalama yatsala, ndi zongofuna kuti anthu atione. Tsamba lachitatu likhale la moyo wa pambuyo pa ukwati: lendi, chimanga, mapoto, matiresi, neti yoteteza udzudzu ndi mpamba wa bizinesi. Tsamba lachitatuli liyambe kudzazidwa lisanafike lachiwiri.

Komiti ya ukwati imathandiza kwambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma ikhoza kukulitsa zinthu kuposa thumba la eni ake. Awiriwa azigwirizana okha asanapite ku msonkhano, kuti akayankhule mawu amodzi: "Tikuthokoza kwambiri, akuluakulu, koma pamene ife tingakwanitse ndi apa."

Mafunso: Tengani pepala, mugawe zinthu za pa ukwati m'magulu atatu aja. Kodi mwagwirizana? Pamene mwasiyana, yeserani kukambirana monga tafotokozera.

Gawo 4: Kudziwana m'zochitika za tsiku ndi tsiku

'Abdu'l-Bahá analangiza kuti ofuna kukwatirana asamale kwambiri kudziwa khalidwe la wina ndi mnzake, chifukwa mgwirizano wawo ndi wa thupi ndi mzimu womwe, ndipo uyenera kukhala wosatha. Kudziwanaku kumayenera kuyamba asanapemphe chilolezo cha makolo, koma kumapitirira m'masiku okonzekera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khalidwe silioneka pa chithunzi chojambulitsa pagombe la Cape Maclear. Limaoneka telala akalephera kumaliza diresi pa tsiku limene analonjeza, minibasi ikachedwa pa depoti, ndalama ikasowa m'kope. Kodi munthuyu amalankhula bwanji ndi waganyu? Amawayankha bwanji mayi ake akatopa? Akalakwa amapepesa? Akalonjeza amasunga?

Kutumikira limodzi kumaonetsa zambiri. Awiri amene akuthandizana pa kalasi ya ana, kapena pa gulu la achinyamata achisodzera, kapena pokonza Phwando la Masiku 19, amaonana pa ntchito yeniyeni, pamaso pa anthu. Zokonzekera ukwati zisawachotse pa utumiki umenewu ndi pa mapemphero awo a tsiku ndi tsiku. Ndi bwinonso kupatula nthawi, ngakhale ola limodzi pa sabata, yokamba zina osati za phwando: za ana, za maphunziro, za makolo okalamba amene adzafune chisamaliro.

Pali zoona zina zovuta kuzinena, koma ziyenera kunenedwa ukwati usanachitike. Ngati wina ali ndi mwana kwina, anene. Ngati anakhalapo pa banja, aonetse kuti linatha mwa dongosolo, pakuti ukwati wa Chibahá'í ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Apite limodzi kukayezetsa magazi kuti adziwe ngati ali ndi HIV. M'zipatala za boma, monga chipatala chachikulu cha Mangochi ndi cha Monkey Bay, kuyezetsa ndi kwaulere, ndipo mankhwala alipo othandiza munthu kukhala ndi moyo wautali, kuteteza mnzake ndi kubereka ana opanda kachilombo. Ife a m'mbali mwa nyanja tikumbukirenso likodzo, limene likakhalitsa limavulaza njira ya mkodzo ndi ziwalo zoberekera, chonsecho limachizika ndi mapiritsi.

Za kudzisunga tinene mosapita m'mbali. Kwathu ambiri amaona chinkhoswe ngati ukwati, ndipo chikatha awiriwo amalowana. Kwa Mbahá'í, kukhalira limodzi ngati mwamuna ndi mkazi kumadikira mwambo wa Chibahá'í. Choncho pokonza masiku, afunse Bungwe mmene angalumikizire chinkhoswe ndi mwambowo, ndipo awafotokozere ankhoswe nthawi ikadalipo.

Zitomero zambiri kuno zimayenda pa foni, mnyamata ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, mtsikana ali kumudzi. Mtunda umapatsa mpata miseche. Wina amatumiza uthenga pa WhatsApp kuti wamuona mtsikana akuseka ndi wakutiwakuti pa msika, wina amauza mtsikana kuti mnyamata ali ndi mkazi kumeneko. Bahá'u'lláh analetsa miseche mwamphamvu, m'ndime imodzimodzi ndi kupha ndi chigololo. Awiriwa agwirizane kuti chimene amva azifunsana okha, ndipo ndalama zotumizidwa zizilembedwa m'kope lija kuti pasakhale kukayikirana.

Mafunso: Ndi makhalidwe ati atatu amene mungafune kuwaona mwa munthu musanamange naye banja? Angaoneke pa zochitika ziti? Ife tingatani wina akatibweretsera mseche wokhudza anthu otomerana?

Gawo 5: Abale a zipembedzo zosiyana

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi. Ambiri ndi Asilamu, ndipo kulinso Akatolika, Aangilikani, a CCAP ndi ena. Palibe Mbahá'í kuno amene alibe wachibale wa ku mzikiti kapena wa ku tchalitchi. Bahá'u'lláh anatilamula kukhala mwaubwenzi ndi anthu a zipembedzo zonse, ndipo ukwati ndi malo oonetsera zimenezi.

Mbahá'í amaloledwa kukwatirana ndi munthu wa chipembedzo china. Pamenepo miyambo iwiri ikhoza kuchitika, wa Chibahá'í ndi wa mnzakeyo, koma ichitike tsiku limodzi, ndipo Mbahá'í asanene mawu osonyeza kuti walowa chipembedzo china kapena wasiya chake. Izi zikambidwe poyera ndi a shehe kapena abusa masiku akadalipo, kuti pasadzakhale wochita manyazi pa tsikulo.

Zinthu zing'onozing'ono zimasonyeza chikondi. Mbuzi ndi nkhuku zizingidwe ndi Msilamu kuti alendo onse adye ndi mtima umodzi. Mowa ndi woletsedwa kwa ife, choncho abale oyembekezera mowa auzidwe mwaulemu pasadakhale, ndipo thobwa likhale lokwanira. Posankha tsiku, tiganizire Lachisanu ndi mwezi wa Ramadan, umene chaka chilichonse umabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11. Tikumbukirenso kusala kwathu kwa masiku 19 mu Malichi, chikondwerero cha Naw-Rúz chisanafike. Ngati agogo akuchokera ku Makanjira, tidziwe kuti nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza ulendo umavuta. Pa mwambo, mapemphero ndi malangizo zimveke m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti achikulire asangokhala ngati alendo pa ukwati wa mdzukulu wawo.

Mafunso: Ndi abale ati amene kawirikawiri amaiwalika pokonza ukwati? Tingachite chiyani kuti amve kuti ndi ofunika?

Gawo 6: Mbali yathu

Bahá'u'lláh anayerekeza ukwati ndi linga loteteza ubwino wa anthu. Omanga linga ndi awiriwo, koma ife owazungulira tikhoza kuwatuta njerwa kapena kuwasenzetsa katundu wosafunika. Timawalemetsa tikamayerekeza ukwati wawo ndi wa mwana wa uje, tikamafunsa kuti magalimoto adzakhala angati, tikamaseka diresi yobwereka. Timawapeputsa tikabwereketsa mipando ndi mapoto, tikatola nkhuni, tikatunga madzi, tikaphika, tikaphunzitsa ana nyimbo zodzaimba. Zambiri zimene anthu amalipira, gulu ngati lathu lino likhoza kuzichita ndi manja.

Amene tapemphedwa kukhala ankhoswe kapena mboni tidziwe kuti ntchito yathu siithera pa tsiku la phwando. Alendo akabalalika ndipo mapoto obwereka abwezedwa, awiriwa adzafuna munthu wowayendera, wowamvetsera, wosunga chinsinsi, ndiponso wosakondera mbali ya mbumba yake.

Zochita sabata ino: Amene muli pa chitomero, yambani kope lija ndipo mudzaze tsamba lachitatu. Ngati pali kholo limene simunalankhule nalo, konzani zolipeza. Amene muli pa banja, kumbukirani chinthu chimodzi chimene munakangana pokonzekera ukwati wanu ndi mmene munachithetsera, mudzatifotokozere ngati mnzanuyo walola. Tonse tiganizire anthu otomerana amene tikuwadziwa m'mudzi mwathu, Abahá'í kapena ayi, ndipo tisankhe ntchito imodzi yowathandiza. Tikadzakumananso tidzayamba ndi kumva zimene aliyense wachita.

Titseke ndi pemphero lopempherera mabanja. Mmodzi wa ife atitsogolere.